Zithunzi zakale zikufuna mayina

Mabanja ambiri akusunga zithunzi zakale m'sutikesi, koma ndi ochepa amene angatchule onse amene ali pazithunzizo. Ine ndikuti tizitulutse, tikhale pansi ndi akuluakulu akadali moyo, atifotokozere.

Kwathu kuli zithunzi za ulendo wa pagalimoto wochokera ku Blantyre kupita ku Mangochi. Amayi ndiwo adandithandiza kuzisanja motsata msewu wa M3. Choyamba tili ku Zomba, phiri lili kumbuyo kwathu. Kenako tili pa Liwonde, abambo atatsamira chitsulo cha pa Kamuzu Barrage, yomwe idamangidwa mu 1965 pamtsinje wa Shire. Chomaliza ndi cha azakhali atanyamula chambo m'mphepete mwa nyanja. Pakadapanda amayi, sindikadadziwa kuti wachinyamata woima pafupi ndi galimotoyo ndi amalume amene adatisiya ndikadali wamng'ono.

Lero timajambula zambirimbiri pafoni, koma foni ikabedwa zonse zapita. Tsukitsani zithunzi zofunika. Kuseri kwa chilichonse lembani mayina, malo ndi chaka. Adzukulu anu adzafuna kudziwa abale awo, ndipo nthawi imeneyo woti amufunse adzakhala kulibe.