Mita Yodziwa Kugula Kokha

Pakhoma la golosale ya mayi anga aang'ono ku Chintheche pali kabokosi kotuwa komwe tonse timakapatsa ulemu. Ndi mita ya magetsi yolipiriratu. Mayunitsi akatsala pang'ono kutha imayamba kulira, ndipo mmodzi wa ife amagula ena msangamsanga pa foni n'kulowetsa manambala 20 aja. Tikachedwa furiji imazima, batala yemwe mayiwo agula kwa asodzi m'mawa n'kuyamba kufewa.

Padenga la golosale yomweyo pali mapanelo a sola anayi. Anawagula mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira m'mwezi wa Januwale, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Chomwe chinandidabwitsa pa tchuthi chapitachi n'chakuti m'nyengo ya dzuwa batire imadzaza nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Ikadzaza, kachipangizo koiteteza kamadula, ndipo dzuwa lonse la masana limangowotcha malata. Chonsecho nthambo za magetsi zadutsa pamwamba pa denga lomwelo kupita kuchigayo ndi kuchipatala.

M'kalasi ya kapangidwe ka mawu tinaphunzira kuti tikalowetsa -its- m'mneni "gula" timapeza "gulitsa", wolandira katundu n'kusanduka wopereka. Mita ya mayi aang'ono -its- siimudziwa. Maganizo anga ndi akuti nthawi yakwana yoti munthu wamba wa kumudzi kuno akhale ndi mita yodziwa aneni onse awiri.

Mita yotereyi si yachilendo. Imawerenga magetsi olowa m'nyumba payokha, otuluka payokhanso, ndipo pakutha pa mwezi amachotsera. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika: zomwe mwapereka masana mumadzazipeza usiku. Imagwira ntchito limodzi ndi inverter yomwe imafananitsa magetsi a sola ndi a m'nthambo, omwe kuno ndi mavoti 230. Inverter yotero imazima yokha magetsi a m'nthambo akathima, kuti amisiri omwe akwera pa pholo poganiza kuti waya ndi wakufa asagwidwe ndi magetsi ochokera padenga la wina. N'chifukwa chake sindikulimbikitsa aliyense kulumikiza yekha mwakabisira. Kupatula ngoziyo, mamita ena olipiriratu amawerenga magetsi otuluka ngati olowa, mwini nyumba n'kumadyedwa mayunitsi pa magetsi omwe wapereka yekha.

Kunena zoona, dziko lathu linavomera kale kugula dzuwa. ESCOM imagula magetsi ku malo a sola a ku Salima a mamegawati 60 omwe anatsegulidwa mu 2021, ku Golomoti komwe kuli mamegawati 20 ndi mabatire osungira kuyambira mu 2022, komanso ku Nkhotakota. Ngati n'zotheka kugula kwa kampani yokhala ndi mapanelo zikwizikwi, chovuta n'chiyani kugula kwa sukulu, tchalitchi kapena malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja? Ku Cape Town khonsolo ya mzinda imalipira eni nyumba pa magetsi omwe abweza m'nthambo.

Ife a kumpoto nkhaniyi iyenera kutikhudza kwambiri. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Kuti afike kwathu amayenda makilomita mazanamazana, ndipo ena amatayika m'njira ngati kutentha kwa mawaya. Akafika pa siteshoni ya Chintheche amakweranso mapiri kupita ku Luwinga ndi Bwengu. Magetsi opangidwa padenga la sukulu n'kugwiritsidwa ntchito pachigayo choyandikana nayo sayenda ulendo wonsewo. Ndipo taganizani, sukulu Loweruka, Lamulungu ndi pa tchuthi imakhala yotseka pomwe dzuwa silipita ku tchuthi.

Mnzanga wina wa zachuma ananditsutsa kuti izi n'zokomera olemera okha. Ali ndi mfundo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira magetsi a m'nthambo. Agogo anga, omwe amakhala makilomita ochepa kuchoka pa msewu wa M5, mita sanaionepo pakhoma lawo. Ananenanso kuti anthu amafuna magetsi kwambiri madzulo, dzuwa litalowa, ndiponso kuti ngati okhala ndi mapanelo asiya kulipira, ndalama zokonzera mapholo ndi mathiransifoma zidzachoka m'matumba mwa osauka.

Mfundo yomalizayi ndiyo yandivutitsa kwambiri. Yankho langa ndi lakuti wobweza magetsi asalipidwe mtengo wofanana ndi womwe amagulira. Ukhale wotsikirapo, kusiyanako kutsale kosamalira nthambo. Mayi aang'ono sangakane, poti lero pa dzuwa lotsalalo sapezapo ngakhale tambala. Za madzulozo, ntchito za chigayo, zowotcherera zitsulo ndi za mafuriji a nsomba zimachitika masana. Pa nkhani ya agogo, mita yowerenga mbali ziwiri siidzawakokera waya, ndipo ndingakhale wabodza nditanena kuti idzatero. Koma sindikuona chomwe agogo apindula pamene batire ya mwana wawo yadula masanasana.

Chomwe ndikupempha kwa MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu, ndi kwa ESCOM n'chakuti ndondomeko ya mamita oterewa isathere m'mizinda ikuluikulu. Fomu yake ipezeke pa ofesi ya ku Nkhata Bay, yolembedwa m'Chichewa ndi m'Chitonga, mtengo wa mita ndi wa yuniti yobwezedwa ulembedwe poonekera, ndipo pakhale mndandanda wa amisiri ovomerezeka kulumikiza.

Podikira zimenezo, mayi aang'ono akhomera masoketi asanu ndi limodzi pakhonde. Masana asodzi amasiyapo mafoni ndi mabatire a nyali zopherera usipa, madzulo n'kudzawatenga atalipira kangachepe.