Ngodya ya Achinyamata: Ulendo wa ku Nyenyezi Umayambira pa Masamu



Mwana akanena kuti akadzakula adzakhala mphunzitsi kapena namwino, tonse timavomereza ndi mtima umodzi. Koma akati akufuna kudzakhala katswiri wa sayansi ya zamlengalenga, ambiri a ife timaseka, ena nkumuuza kuti zimenezo nza azungu. Mwanayo amagwidwa manyazi, osadzatchulanso. Lero tifuna kulankhula ndi mwana woteroyo, wa zaka 12 kufikira 15, pakuti zaka zimenezi ndizo zimatsegula kapena kutseka khomo la ntchitoyi.

Poyamba tichotse maganizo olakwika. Ambiri amayesa kuti katswiri wa zamlengalenga ndi yekhayo amene amakwera chombo. Chiyambire ulendo wa Yuri Gagarin mu 1961, anthu amene anapitako mumlengalenga sanakwane 1,000. Koma amene amagwira ntchitoyi ali pansi pano ndi ochuluka zedi: opanga masetilaiti, olemba mapulogalamu a kompyuta, ofufuza nyenyezi, ndi omasulira zithunzi zochokera ku masetilaitiwo. Namondwe wa Idai asanafike ku Beira mu Marichi 2019, akatswiri a zanyengo anali akumutsata pa zithunzi zotere, ndipo madzi atasefukira, zithunzi zomwezo zinathandiza kudziwa madera amene anamira. Amene amadziwa kuwerenga zithunzi zimenezi amapulumutsa miyoyo ya abale ake.

Ntchitoyi siili kutali monga tiyesera. M'chipululu cha Karoo ku South Africa muli MeerKAT, mbale zazikulu 64 zotchera mafunde a wailesi ochokera ku nyenyezi, zimene zinatsegulidwa mu 2018. Komweko, pamodzi ndi ku Australia, anayamba mu 2022 kumanga makina aakulu koposa otchedwa SKA, ndipo Mozambique ndi limodzi mwa mayiko asanu ndi atatu a mu Africa amene ali pa ubale ndi South Africa pa ntchitoyo. Mu 2022 momwemo Zimbabwe inatumiza setilaiti yake yoyamba, ZimSat-1, imene akatswiri a dzikolo anapanga ali pa maphunziro ku Japan. Onsewa adzafuna antchito ophunzira bwino. Funso ndi lakuti, kodi inu mudzakhala mutakonzeka?

Kukonzeka kwake kuyambira pa masamu. Musalole mnzanu kukunamizani kuti masamu ndi mphatso ya anthu owerengeka. Chimene chimagwetsa ambiri ndi kudumpha phunziro limodzi osalimvetsa, popeza phunziro lililonse limakhala pamwamba pa linzake ngati njerwa pa khoma. Mukalephera kugawa manambala lero, mudzavutika ndi aljebra mawa, ndipo fizikisi idzakukanikani mkuja. Choncho funsani aphunzitsi msanga, bwerezani masamu amene munalakwa, ndipo pezani mnzanu wophunzira naye. Nthawi yosankha gawo la maphunziro ku sekondale ikadzakwana, sankhani limene lili ndi masamu, fizikisi ndi kemisitiri, ngakhale anzanu atathawira kwina. Gawo limenelo ndilo lingakufikitseni ku maphunziro a fizikisi, zanyengo kapena uinjiniya, monga amene amaphunzitsidwa pa Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo.

Chachiwiri ndi zilankhulo. Chipwitikizi chidzakupambanitsani mayeso, koma zolembedwa zambiri za sayansi imeneyi zili m'Chingerezi, ndipo mwayi wambiri wa maphunziro apamwamba umafuna Chingerezicho. Chiphunzireni molimbika. Mukapeza mpata wokhudza kompyuta, musathere nthawi pa masewera okha. Funsani m'mene mapulogalamu amalembedwera.

Chachitatu sichifuna ndalama konse. Kumidzi kwathu, kumene kulibe magetsi ambiri, thambo limaoneka bwino kuposa m'mizinda ikuluikulu. Tengani kope, ndipo tsiku lililonse jambulani maonekedwe a mwezi, kulemba nthawi ndi mbali imene mwauona. Mudzapeza nokha kuti umabwerera pa maonekedwe ake oyamba pakatha masiku pafupifupi 29 ndi theka. Yang'aniraninso nthanda, imene si nyenyezi kwenikweni koma pulaneti lotchedwa Venus, lowala ndi kuunika kwa dzuwa. Kuyang'ana, kulemba zoona zokhazokha, ndi kudikira moleza mtima ndiwo makhalidwe a wasayansi. Paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Kwa inu atsikana, ndi makolo a atsikana, tikumbutse mbiri ya Katherine Johnson, mayi wachikuda wa ku America amene anabadwa mu 1918. M'tauni ya kwawo munalibe sekondale ya ana achikuda, motero makolo ake ankasamutsa banja chaka chilichonse mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kuti ana awo aphunzire. Iye anamaliza koleji ali ndi zaka 18, nayamba ntchito ya uphunzitsi, ndipo mu 1953 analowa m'bungwe limene linadzakhala NASA. Mu 1962, John Glenn asanakwere chombo chokazungulira dziko lapansi, anapempha kuti mayiyu atsimikize ndi dzanja masamu amene kompyuta inatulutsa. Mayiyo sanakwerepo chombo, koma moyo wa wokwerayo unadalira masamu ake. Zonsezi zinatheka chifukwa makolo ake sanaseke maloto a mwana wawo.

Tisabise, njirayi ndi yaitali. Ofufuza ambiri amaphunzira zaka zochuluka pambuyo pa digiri yoyamba, ndipo malo a ntchito ndi ochepa. Komabe wodziwa masamu, fizikisi ndi kompyuta sasowa pogwira: akhoza kukhala injiniya, mphunzitsi, woyeza malo kapena wolosera zanyengo. Palibe chimene adzakhale atataya.

Makolo, mwana akakuuzani za nyenyezi, musamukhalitse chete. Mufunseni kuti masamu akuyenda bwanji, mupatseni nthawi ndi nyali yowerengera madzulo, ndipo ntchito zapakhomo zigawidwe mofanana pakati pa anyamata ndi atsikana. M'mera mpoyamba. Ndipo inu achinyamata, yambani kope lanu la mwezi sabata ino.

Tidzakumananso m'kope lotsatira.