Alendo akubwera ku Dwangwa, nanga ndalama zikutsala m'manja mwa ndani?

Ukatchula Dwangwa, ambiri amangoganiza za mzimbe ndi shuga. Koma asisi, tadzaimani pa msewu wa M5 Lachisanu madzulo, muwerenge magalimoto okhotera kunyanja, ku Ngala ndi magombe ena. Mmenemo muli ndalama.

Boma la Nkhotakota silisowa chokopa alendo. Nkhalango yathu yakhala m'manja mwa African Parks kuyambira mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kuno kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Tili ndi mtsinje wa Bua ndi mpasa zake. Paboma pali mtengo umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863. Mu 2024 chisangalalo cha Lake of Stars chinachitikira konkuno.

Mlendo mmodzi amadyetsa makomo ambiri. Chambo chimene wadya wagwira ndi msodzi, mpunga walima ndi mayi wa kudambo, pogona payalidwa ndi mtsikana wa pamudzi pompano, ndipo wakabaza wapezapo yake. Ndiye ife sitikutsutsa zokopa alendo ayi. Tikufuna zikule.

Koma tafunsani: akuchapa, kukolopa ndi kutsuka mbale ndani? Nanga mwini boti, woperekeza alendo m'nkhalango, manijala, ndani? Yankho mukulidziwa. Mtsikana amalembedwa ntchito pakamwa chabe, alendo akachepa amauzidwa kuti "kadikire kaye kunyumba." Akatenga mimba, malo ake apita. Mlendo akamugwiragwira, amauzidwa kuti asakhumudwitse kasitomala. Mu February 2024 madzi osefukira atadula M5 kuno, mukuganiza kuti munthu wopanda kontrakiti anakadandaula kuti?

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Akachoka, chofunika n'chimene watisiyira. Ndiye tikupempha izi:

Eni malo ogona alendo, lembani antchito anu papepala. Lamulo la ntchito limapatsa mayi tchuthi chokabereka cha masabata osachepera 8, malipiro ake osadula. Lamulo la Gender Equality Act la mu 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana pamalo a ntchito. Limeneli limateteza weta mofanana ndi wa muofesi ku Lilongwe.

Mpunga, masamba, mazira ndi mphasa, gulani kwa magulu a amayi a konkuno, ndipo muziwalipira nthawi yake. Amayi a banki mkhonde angathe, bola pakhale oda yodalirika.

Khonsolo, pamagombe ndi m'misika pakhale malo ogulitsirapo amayi, okhala ndi zimbudzi ndi magetsi.

Atsikana anzanga amene mwamaliza Fomu 4, maphunziro a zokopa alendo alipo ku Mzuzu University ndi ku Malawi Institute of Tourism. Musamangolota zonyamula thireyi. Lotani zoyendetsa malowo.

Ndipo inu a mutauni obwera kudzajambulitsa kunyanja, nanunso ndinu alendo. Bilu ya chakumwa mumalipira osafunsa, koma mayi wa usipa mumanenerera naye mpaka atsitse. Zoona? Gulani pamtengo wake. Tipi muzimupatsa m'manja amene wakutumikiraniyo. Mukaona wina akumuvuta, musayang'ane kumbali.

Munagwirapo ntchito pamalo ogona alendo? Tiuzeni zimene munakumana nazo. Ngati mukuopa kulemba poyera, tipezeni ku inbox, dzina lanu silituluka.