Kujambulitsa si uhule

Mwana wa mlongo wanga amajambula zithunzi pa boma la Mchinji. Kamera yake adaigula atalima mtedza zaka ziwiri, ndipo amadyera maukwati, zinkhoswe ndi tizithunzi ta pa ziphaso. Chaka chatha telala wina wa pa Kamwendo adamupatsa ntchito yooneka ngati yophweka. Mayiyu adasoka madiresi a chitenje okwana 12 ndipo ankafuna zithunzi zoti azitumiza pa WhatsApp kwa makasitomala ake a ku Lilongwe ndi ku Chipata. Diresi likakhala pa hang'ala silikopa munthu, limafuna wolivala. Choncho padafunika atsikana atatu oti avale zovalazo n'kuima pamaso pa kamera, aja masiku ano akutchedwa mamodelo.

Adapangana Loweruka, 6 koloko m'mawa, chifukwa dzuwa likakwera limaika mithunzi yoipa pankhope. Mnyamatayo adalipiriratu mayi wa saluni, adauziratu akabaza awiri, ndipo ukwati umene adaitanidwa tsiku lomwelo adausiyira mnzake. Mtsikana woyamba foni yake idali yothimitsa. Wachiwiri adatumiza uthenga 9 koloko kuti kwawo kwagwa zovuta, koma madzulo ake adaoneka akuchemerera mpira. Wachitatu adafikadi, koma m'mbuyo mwake mudali atsibweni ake, maso ali psu.

"Iwe mnyamata, mwana wa m'mbumba mwanga ukufuna kumusandutsa hule? Zithunzizo ukukagulitsa kwa yani?"

Mtsikanayo, wa zaka 23, wodzidyetsa yekha ndi geni yake ya kaunjika, adangowerama n'kulondola atsibweni akewo. Madzulo mnyamata uja adandipeza pakhonde. "Atsibweni, kodi ntchitoyi ndingoisiya?" Tsikulo ndidasowa chomuyankha. Yankho langa ndi lino, ndipo ndikulipereka kwa eni mbumba anzanga, kwa ojambula, kwa ojambulidwa ndiponso kwa eni malonda, pakuti tonse tili ndi mlandu pa nkhaniyi.

Ndiyambe ndi ife akuluakulu. Kodi maganizo oti mkazi akaima pamaso pa kamera ndiye kuti walowerera tidawatenga kuti? Ena amati ndi chikhalidwe cha makolo, koma ine ndikukana. Mu 1973 boma la Kamuzu Banda lidakhazikitsa lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi. Lamulolo lidathetsedwa mu 1993, koma m'mitu mwathu silidachokemo. Umboni wake tidauona mu Januwale 2012 pomwe anyamata ena adavula amayi ovala mathalauzi m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre. Tidazolowetsedwa kuona thupi la mkazi ngati mlandu wofuna apolisi, ndipo lero chizolowezicho tachiveka dzina loti mwambo.

Chodabwitsa n'chakuti mkazi yemweyo akavala nsalu ya chipani n'kumavina pamsonkhano wa ndale, makamera ali mbali zonse, palibe mtsibweni amene amanyamula ndodo. Mwezi wa Ogasiti timawoloka malire pa Mwami kupita ku Mkaika m'boma la Katete kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo kumeneko ana athu amavina makamera atachita kupanikizana. Tikabwerako timanyadira kuti mwana wathu waoneka pa kanema. Nanga uhule ukubwera pati akavala diresi lofika m'mapazi, losokedwa ndi mayi wa m'mudzi mwathu momwemo, kuti apeze ya sopo? Kuvinira wandale kwaulere ndi ulemu, koma kuvalira telala molipidwa ndi chitonzo? Abale anzanga, pamenepa tikudzinamiza.

Sindikunena kuti mantha a makolo ndi opanda maziko. Mchinji ndi boma la m'malire. Kuchoka pa boma kufika pachipata cha Mwami ndi makilomita 12 okha, ndipo njira zachidule zolowera ku Zambia ndi ku Mozambique n'zosawerengeka. Tonse tamvapo za ana otengedwa kukaweta ng'ombe ndi kukalima m'mafamu a kutsidya atalonjezedwa zabwino. N'chifukwa chake mu 2015 dziko lino lidakhazikitsa lamulo lothana ndi mchitidwe wozembetsa anthu. Mu 2024 wailesi ya BBC idaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene adakopedwa ndi malonjezo a ntchito ku Oman n'kukapezeka ali mu ukapolo wa m'nyumba. Kholo limene lamva zoterezi, mlendo akati "ndikufuna mwana wanu timujambule," mtima uyenera kugunda. Koma mankhwala a mantha ndi kufunsa. Funsani kuti wojambulayo ndi mwana wa yani, zithunzizo n'zantchito yanji, zikaikidwa pati, malipiro ndi angati. Mukafuna, pitani nawo mukakhale pambali muzionerera. Kungoletsa osafunsa n'kumene kumachititsa atsikana kupita mozemba, okha, kwa wojambula amene simukumudziwa, ndipo pamenepo ngozi imene mumaiopa ija mwaiitana nokha. Tisaiwale kumene mphekesera zidatifikitsa mu 2017, pomwe anthu osalakwa adaphedwa ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo powaganizira kuti ndi anamapopa.

Tsopano nditembenukire kwa inu ojambula, ndipo mwana wa mlongo wanga amve nawo. Dzina lanu mudaliipitsa nokha. Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Alipo pakati panu amene kamera adaisandutsa nyambo yofunsira chibwenzi. Alipo amene amayamba ndi diresi, pakapita mphindi zingapo n'kumati "tatsitsako pang'ono apa." Alipo amene chibwenzi chikatha amamwaza zithunzi zachinsinsi m'magulu a WhatsApp, osalabadira kuti lamulo la 2016 lokhudza za pa intaneti limaletsa kuzunza munthu kudzera pa makina amenewa, komanso kuti gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi. Inu ena osachita zimenezi mumawadziwa anzanuwo mayina ndi kumene amakhala, koma mumangoti zii. Ndiye mukudabwa chiyani makolo akamakuyesani afisi nonse?

Palinso nkhani ya malipiro. Ojambula ambiri amafuna munthu aime padzuwa maola anayi, asinthe zovala kasanu, amwetulire mpaka masaya kuwawa, malipiro ake n'kukhala mawu oti "ndikuponya pa Facebook, utchuka." Kodi kutchuka amagulira ufa? Wojambulayo walandira zake kwa mwini malonda, wa saluni walandira, wa kabaza walandira, koma mwini nkhope, amene popanda iye palibe chithunzi, abwerere ndi botolo la Fanta. Kenaka patapita miyezi mtsikana uja akupeza nkhope yake pa chikwangwani cha malo omwera mowa, kapena pa pepala lotsatsa mankhwala a zitsamba a matenda amene sadadwalepo, popanda womupempha. Wochitidwa zotere sabweranso, ndipo amachenjeza anzake khumi. Pangano lopanda malipiro n'losavuta kuliphwanya: mvula ikangowaza, kapena kukapezeka ganyu ina, munthu amathimitsa foni.

Komabe nanunso achemwali ndi achimwene ofuna kujambulidwa musadzione oyera. Mukati mubwera 6 koloko, bwerani 6 koloko. Kuwala kwa m'mawa sikudikira munthu, ndipo wojambula amene mwamugwiritsa fuwa la moto wataya ndalama zenizeni: za kabaza, za saluni, za mayunitsi, ndi ntchito ina imene adaikana chifukwa cha inu. Kunamizira maliro ndi chizolowezi chonyansa, chifukwa tsiku limene adzagwedi palibe adzakukhulupirireni. Ena mumavomera mtengo, tsiku likafika n'kuukweza poona kuti mnzanu wapanikizika. Ena mumajambulitsa bwinobwino, mwalandira ndalama, mwadya, mawa lake n'kuimba foni kuti "abwenzi anga akwiya, fufutani zonse." Ngati mukudziwa kuti pali wina woti avomereze, mufunseni musanavale diresi la eni ake. Mukufuna ntchitoyi ipatsidwe ulemu? Yambani ndinu kuigwira ngati ntchito.

Eni malonda nawo ali ndi gawo lawo. Tayendani pa msika wa pa boma, pa Kamwendo, pa Kapiri kapena pa Mkanda, muone zikwangwani za masaluni, mashopu a zovala ndi malo ometera. Nkhope zili pamenepo ndi za oimba a ku America ndi akatswiri a mafilimu a ku Nigeria, zotapidwa pa intaneti mwaulere. Mwini shopu amaona kuti wapulumutsa ndalama. Koma taganizani zimene mwana wa ku Mchinji amaphunzira akamadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku: amaphunzira kuti kukongola kumachokera kunja, kuti khungu lake ndi tsitsi lake n'zosayenera pa chikwangwani. Tikatero tizidabwa atsikana athu akamawononga nkhope ndi mafuta oyeretsa khungu?

Apa ndiye pagona nkhani yeniyeni. Boma lino, malinga ndi kalembera wa 2018, lili ndi anthu oposa 600,000. Kodi dziko lapansi limatidziwa ndi nkhope yanji? Mu Okutobala 2006, woimba wa ku America, Madonna, adatenga mwana pa malo osungira ana amasiye a Home of Hope kuno ku Mchinji. Ojambula a maiko akunja adakhamukira kuno ngati ntchentche, ndipo zithunzi za ana athu, nyumba zathu zaudzu ndi misewu yathu yafumbi zidazungulira dziko lonse. Chaka chomwecho ndondomeko ya Mtukula Pakhomo idayambira m'boma lomwe lino, ndipo nayo idabwera ndi makamera ake ojambula agogo olera ana amasiye. Thandizolo ndi labwino, sindikulinyoza. Koma taonani chimene chikuchitika: galimoto ya bungwe ikaima pamudzi, timasonkhanitsa ana, ena opanda malaya, kuti ajambulidwe, osafunsa n'komwe kumene zithunzizo zikupita. Mwana wa m'mudzi momwemo akabwera ndi kamera kuti ajambule mlongo wake atatchena, timamuthamangitsa. Umphawi wathu timaujambulitsa mosavuta, koma kukongola kwathu timakubisa kuchipinda. Mapeto ake, mdzukulu wathu akadzafufuza za Mchinji wa masiku ano adzangopeza misozi ndi nsanza, adzaganiza kuti kuno kudalibe wosoka, wovala kapena woseka.

Anzathu ena adazindikira kale. Ku Bamako m'dziko la Mali, Seydou Keïta adatsegula situdiyo yake mu 1948 n'kumajambula anthu wamba a m'tauniyo atavala nsalu zawo zabwino, kumbuyo atatchinga ndi nsalu ina yamaluwa. Lero zithunzizo zimaonetsedwa m'nyumba zikuluzikulu za luso ku Paris ndi ku New York. Mnzake Malick Sidibé, amene ankajambula achinyamata akuvina, adalandira mphoto yapamwamba ku Venice mu 2007. Akadakhala kuti atsibweni a ku Bamako ankathamangitsa ojambulawa, bwenzi dziko la Mali lilibe chuma chimenechi. Zitenje tili nazo, mapiri a Mchinji ndi madambo a mtsinje wa Bua tili nawo, nkhope tili nazo. Tikusowa kukhulupirirana basi.

Kukhulupirirana sikugwa kumwamba ngati mvula, kumachita kumangidwa. Ndikupempha ojambula a m'boma lino kuti asajambulenso munthu pa ntchito ya malonda popanda pangano lolembedwa. Tsamba limodzi, m'Chichewa chomveka, likwanira. Palembedwe mayina a onse awiri, tsiku, nthawi ndi malo, zovala zimene zivalidwe, malipiro, kumene zithunzizo zikagwiritsidwe ntchito ndi kwa nthawi yaitali bwanji. Theka la ndalama liperekedwe posaina, theka lina ntchito ikatha. Wojomba popanda chifukwa abweze zimene adalandira. Wojambulidwa aloledwe kubwera ndi mnzake kapena mbale wake. Kuchokera mu 2017 malamulo a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, choncho woteroyo asajambulidwe popanda kholo kusaina ndi kukhalapo. Ojambula apange gulu lawo lodziwika kwa mafumu ndi kwa apolisi, lotha kuchotsa membala wochita zauve, pakuti mutu umodzi susenza denga. Adziwenso kuti lamulo la 2016 loteteza ntchito za luso limatetezanso zithunzi, ndipo bungwe la COSOMA lilipo pa nkhani zoterezi. Nawo abusa ndi mafumu, amene mawu awo amamveka kuposa anga, asiye kuika m'thumba limodzi mtsikana wotsatsa diresi ndi munthu wachiwerewere.

Wina anena kuti pepala silingaletse munthu woipa. N'zoona. Koma pepala limasiyanitsa wojambula wofuna ntchito ndi wojambula wofuna zina, chifukwa wachiwiriyu salola kulemba dzina lake. Limapatsanso mtsibweni chinthu chogwirika choti awerenge m'malo momvera za m'maluwa.

Telala uja madiresi ake adawajambulitsa ali pa hang'ala, atapachikidwa pa mtengo wa mango, ndipo mpaka Khirisimasi idadutsa ambiri adakali m'shopu. Mwana wa mlongo wanga kamera sadaigulitse. Ndidamuuza kuti alembe pangano lija, avale malaya abwino, tipite limodzi kwa atsibweni a mtsikana uja tikakhale pansi ngati akuluakulu. Akakatikaniza, akatikanize atawerenga.