Fungo la mkungudza m'bokosi la agogo

Sabata yatha ndinatsegula bokosi lomwe malemu agogo anga ankasungiramo zitenje zopitira kutchalitchi. Papita zaka zoposa 20 chiwaikire m'manda, koma nditangotukula chivundikiro fungo lija linandilonjera ngati mtengowo auchekera dzulo. Ndi bokosi la mkungudza wa m'Phiri la Mulanje, lofiirira, ndipo pamwamba pake anasemapo njovu ziwiri, imodzi yoduka mnyanga chifukwa ndinauthyola ine ndili mwana. Njenjete sinalowemo n'kamodzi komwe. Chiswe chinadya mafelemu a zitseko za nyumba yonse, koma bokosili chinkangolilambalala.

Chomwe chinandipititsa kubokosiko ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, yemwe akuphunzira zojambulajambula kukoleji. Anabwera kutchuthi kuno ku Muloza, ndipo tsiku lina madzulo anandisunthira foni.

"Malume, taonani izi."

Munali anthu ambirimbiri pachipale chofewa, aliyense atanyamula chishango chowala ngati kalirole. Anali eni nthaka a ku Standing Rock, ku North Dakota m'dziko la America, omwe mu 2016 anakana kuti paipi ya mafuta ya Dakota Access idutse pansi pa mtsinje wa Missouri, pomwe amamwa. Zishangozo anaziyambitsa ndi mmisiri wobadwira komweko, Cannupa Hanska Luger: thabwa lopyapyala, kumata pepala lonyezimira, basi. Cholinga chinali chakuti wapolisi wobwera ndi ndodo adzione yekha nkhope asanamenye munthu. Kenako mphwangayo anandionetsa basi yachitsulo yomwe Sokari Douglas Camp, mayi wa ku Nigeria, anapanga mu 2006 pokumbukira Ken Saro-Wiwa ndi anzake asanu ndi atatu a mtundu wa Ogoni, omwe boma la asilikali linawanyonga pa 10 Novembala 1995 atalimbana ndi kuonongeka kwa dera lawo chifukwa cha mafuta. Basiyo ataitumiza ku Nigeria mu 2015, akuluakulu a kasitomu anaigwira padoko la Lagos. Boma lathunthu kuopa basi yopanda injini!

"Nanga ife kuno tilibe zotere bwanji, malume?"

Ndinayankha mwaulesi kuti ife tilibe paipi. Ndipo n'zoona. A ku Zambia ali ndi TAZAMA, yotalika makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kukafika ku Ndola, yomwe inayamba ntchito mu 1968. A ku Zimbabwe ali ndi ya ku Beira kukafika ku Feruka, pafupi ndi Mutare. Uganda ndi Tanzania akuyala EACOP ya makilomita 1,443. Ife mafuta athu ambiri amabwera pamsana pa galimoto, ndipo akasowa, paipi ya ku Muloza ndi chigubu chachikasu cha malita 20 chomangidwa ndi mphira pakaliyala ya njinga, chikuwoloka kuchokera ku Milange. Petulo wake amathera m'mabotolo a madzi akumwa, kuyalidwa pamsewu kudikira a kabaza a njinga zamoto.

Koma usiku umenewo yankho langa linandisowetsa tulo. Paipi ndi njira chabe yotulutsira chuma cha malo ena kupita nacho kwina, eni malo n'kutsala ndi zipsera. Ndipo njira yotero ife tinali nayo, kungoti inkayenda ndi miyendo. Aliyense wokulira m'mphepete mwa phirili anawaonapo anyamata akutsika mbandakucha, opanda nsapato, nkhata pamutu, thabwa lalitali kuposa iwo eni likunjenjemera pamwamba. Ankalandira ndalama ya ndiwo. Phindu lenileni linkapita ndi malole.

Phirili linakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927. Mkungudza wake, umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi, a Kamuzu Banda anaulengeza kukhala mtengo wa fuko mu 1984. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Mtengo wa fuko, woti n'kuuwerenga ndi zala osamaliza manja awiri. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi midzi yozungulira akhala akubzala mbande zambirimbiri, koma mkungudza si bulugama. Wobzala lero sadzakhala pamthunzi wake.

Apa m'pomwe nkhani ya mphwanga inandipweteka. Kwa anzathu aja luso linaima kutsogolo kwa paipi. Kwathu kuno luso linali nawo pamzere wonyamula. Mabokosi osemedwa bwino omwe alendo akhala akugula ku Likhubula, ndodo zokwerera phiri, timatebulo, zonsezo ndi mkungudza womwewo. Sindikuloza chala osema okha. Iwo ankatenga zochepa poyerekeza ndi ocheka matabwa, ndipo munthu wa ana asanu ndi kamunda kopanikizika pakati pa tiyi wa esiteti ndi mwala wa phiri sungamuuze kuti adye kukongola kwa nkhalango. Amene ankagula ndi ife. Agogo anga anagula, ine ndinalandira, ndipo mpaka lero ndimanyadira fungo lake alendo akabwera.

Sikuti luso lathu silinalankhulepo za phiri. Zigumukire za ku Zomba mu Disembala 1946 zinabala nyimbo ya Napolo ya a Paseli Brothers, ndipo Steve Chimombo anamutenga Napolo yemweyo n'kumuika pakati pa ndakatulo zake. Mu Malichi 1991 Napolo anatsikanso ku Phalombe n'kupha anthu mazanamazana. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuno kwa Mfumu Yaikulu Njema, mawu omwe ndinamva kwambiri pamaliro ndi omwewo: wadutsa Napolo. Ine nkhani ya Napolo sindiinyoza. Imanena chinthu chimene mabuku a zamigodi sanena, choti phiri lili ndi eni ake ndipo limayankha. Agogo ankatiuza kuti ukapeza chakudya m'phiri udye wekha osaitana mnzako, ndipo dzina la Sapitwa, nsonga ija ya mamita 3,002, ndi lamulo pa lokha. Koma ndaona kuti Napolo tamusandutsa mthunzi wobisalamo. Mvula ya Freddy inali yoti ngakhale nkhalango yokhwima ikanagumuka malo ena, komabe ndani sadziwa momwe zitunda za pamwamba pathu zinaliri zitayera ndi makala ndi minda? Njoka ija Napolo ikakhala ndi mlandu, wa nkhwangwa amapita kwawo osafunsidwa.

Ndiye pali gule wa Tchopa. UNESCO inamuzindikira mu 2014, ndipo chaka chilichonse mu Okutobala timamuona ku Chonde pa Mulhako wa Alhomwe, akuluakulu atakhala pamipando yawofuwofu. Koma Tchopa si gule wolandirira nduna. Makolo ankavina akakolola, alenje akabwera ndi nyama, komanso popereka nsembe pakagwa chilala kapena mliri. Taonani zomwe ovina amabereka kumsana: zikopa, makasu, zidole, ziwiya zakale zakukhitchini. Munthu amavina atasenza moyo wa mudzi wonse. Ndinamufunsa mphwanga kuti wovina wa lero, atati anene zoona, angabereke chiyani. Iye anaseka n'kuti chigubu, thumba la makala ndi sowo.

Funsoli likufunika msanga chifukwa phirili likadali ndi china choti chituluke. Pansi pa udzu wa ku Lichenya pali miyala ya bauxite, yopangira aluminiyamu, yomwe inadziwika m'zaka za m'ma 1920. Lonrho, kampani yomwe inamanga paipi ya ku Beira ija, inadzayezanso miyalayi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo chiyambire nkhani yokumba imangogona n'kudzuka. Bauxite sakumba ngati chitsime. Amasenda nthaka ya pamwamba, pomwe pamayambira mitsinje yomwe timamwa. Mu Julaye 2025 UNESCO inaika phirili pamndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika padziko lonse, potchula Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao omwe amalilemekeza. Ndinakondwa. Koma mkungudza nawonso unali ndi pepala lake la mu 1984.

Mphwanga wabwerera kusukulu Lolemba. Anandipempha bokosi lija kuti akaliike pachionetsero chawo lili lotsegula, lopanda kanthu m'kati, anthu azingowerama n'kununkhiza. Ndinamuuza kuti ndiganize kaye. Zitenje za agogo ndazichotsamo kale, zili pampando, ndipo sindinapeze pena pomwe njenjete singazifike.