Za Panyumba ndi za Kunchito: Woumba Mbiya Adyera M'phale

Makolo anzanga, mwezi uno ndifuna kuulula kanthu kamene kanandicititsa manyazi kwa nthawi yaitali. Ndinakabisa ngakhale kwa abale anga, koma tsopano ndaona kuti ndi bwino kukanena poyera, pakuti kapena ena mwa inu muli ndi bvuto lomweli m'nyumba zanu, koma simunalizindikire.

Monga ambiri mudziwa, nchito yanga ndi kuyang'anira laibulale ya pasukulu ina kuno ku Chipata. Ndi cipinda cimodzi cabe, cokhala ndi mashelufu, makabati awiri, thebulo langa, cidindo ndi kaundula wolembamo maina a obwereka. Buku liri lonse liri ndi nambala yace pamsana, monga mwa dongosolo limene Melvil Dewey wa ku America anakonza mu 1876: za sayansi pa 500, zolembalemba pa 800, mbiri ndi za maiko pa 900. Mukanditsekera m'cipindamo usiku popanda nyali, ndikhoza kukupezerani buku limene mufuna. Ndinali kunyadira zimenezi, ndipo anthu a m'dera lathu anali kundiitana kuti "amai a mabuku."

Mu Januwale 2024 sukulu sizinatsegulidwe pa nthawi yace cifukwa ca mliri wa kolera, ndipo ana anakhala panyumba kufikira pa 12 Febuluwale. Pofuna kuti masikuwo asapite cabe, ndinatengera kunyumba mabuku ong'ambika kuti ndiwamate. Limodzi linali la nthano za Cinyanja. Masamba ace anali atathothoka onse, ndipo ciswe cinali citadya m'munsi mwace momwe mukhala manambala. Njira yowasanjira inali imodzi yokha: kuwerenga mau otsiriza a tsamba lina ndi kufunafuna tsamba limene lipitiriza nkhaniyo.

Ndinaitana mzime wanga, mnyamata amene anali kulowa Giredi 4 caka cimeneco. Ndinati, "Iwe, bwera undithandize. Undiwerengere mau oyamba a tsamba ili."

Anayang'ana cithunzi cimene cinali pamwamba, nanena mau okoma ndithu onena za kalulu ndi citsime. Mauwo anali ogwirizana ndi cithunzico, koma patsambapo panalibe. Ndinampatsa tsamba lina lopanda cithunzi. Anaika cala pa liu loyamba, nakhala cete. Patapita kanthawi anati, "Amama, buku ili sitinaphunzire."

Ndinamtuma kukatenga buku lace la kukalasi. Limenelo anawerenga mothamanga, wosaphonya ngakhale pamodzi. Koma nditaphimba cithunzi ndi dzanja ndi kuloza liu limodzi la pakati pa tsamba, anayambanso kuganizira. Apo ndi pamene ndinazindikira zoona: mwana wanga sanali kudziwa kuwerenga. Anali ataloweza buku lonse pamtima pomva anzace akuliimba pamodzi m'kalasi, ndipo kwa zaka zitatu nzeru zacezo zinabisa umbuli wace kwa aphunzitsi, kwa atate wace ndi kwa ine.

Usiku umenewo ndinauza atate a ana. Iwo sanakalipe. Anangondiyang'ana, nati, "Nanga inu si ndinu a mabuku?" Akulu akale anati woumba mbiya adyera m'phale. Mwambi umenewu ndinali kuuseka pa anthu ena, osadziwa kuti unali kundidikira pakhomo panga.

Sukulu zitatsegulidwa ndinapita kwa aphunzitsi ace ndi mtima wofuna kuwaimba mlandu. Iwo anangondilowetsa m'kalasi kuti ndione ndekha. Kuyambira mu 2022, pamene Boma linacotsa malipiro a sukulu kufikira Giredi 12, ana ambiri amene anali kukhala kunyumba analowa sukulu. Cimeneco ndi cinthu cabwino cimene tiyenera kuyamikira. Koma m'cipinda cimeneco munali ana amene kale akanadzaza makalasi awiri, ena pamadesiki, ena pansi, atatu kapena anai pa buku limodzi. Ndiponso ana a msinkhu umenewu anayamba sukulu pa nthawi ya COVID-19, pamene sukulu zinatsekedwa mu 2020 ndi pakati pa 2021. Aphunzitsiwo anati, "Mai, mwana waphokoso ndimamuona msanga. Amene amandisowa ndi wofatsa, woyankha pamodzi ndi anzace." Kenaka anandifunsa mwaulemu, "Kodi kunyumba amakuonani inu mukuwerenga?"

Ndinasowa coyankha. Ana anga anandiona ndikunyamula mabuku, ndikuwamata, ndikuwadinda, ndikuwawerengera ngati nkhuku zolowa m'khola madzulo. Koma kundiona nditakhala pansi, buku liri m'manja, ndikuseka kapena kudabwa ndi zimene ziri m'katimo, sanandionepo. Ndikafika kunyumba ndinali kuthamangira pambaula, kenaka kucapa, kenaka pafoni kufikira tulo. Kwa mwana wanga buku linali katundu wa kunchito kwa amai wace, cinthu cosafunika kucidetsa.

Funso lija linanditsata kufikira ku laibulale. Pamene tinali kuphunzira nchitoyi anatiuza za S. R. Ranganathan wa ku India, mphunzitsi wa masamu amene anasanduka woyang'anira laibulale ya yunivesite ya Madras. Mu 1931 iye analemba malamulo asanu a nchito yathu, ndipo loyamba mwa onsewo likuti cifukwa cokhalira ndi mabuku ndi cakuti anthu awagwiritse nchito. Ndinalemba lamuloli pa mayeso, ndinakhoza, ndipo ndinaliiwala. Mabuku onse atsopano ndi okongola ndinali kuwatsekera m'kabati, makiyi m'thumba. Cifukwa cace cinali mantha: pa kutha kwa caka timawerengera katundu, ndipo buku likasowa afunsidwa ndine. Caka ndi caka ndinali kuyamikiridwa kuti palibe cosowa. Tsiku limenelo ndinatsegula kabati ndi kuyang'ana kapepala ka masiku kokhala m'kati mwa cikuto. Mabuku ambiri analibe cidindo ngakhale cimodzi. Amene anawatsegula anali ciswe ndi mphemvu. Ndinali mlonda wabwino wa mabuku, koma ana sindinawathandize, kuyambira wanga yemwe.

Cotithandiza cinabwera m'njira yowawa. Caka ca 2024 cinali ca cilala coopsa, kotero kuti mu Febuluwale Boma linalengeza kuti dziko liri pa tsoka. Madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Wailesi ya kanema inakhala cete, mafoni anali kutha moto. Madzulo tinali kusonkhana tonse pa kanyali kamodzi ka sola, popeza kunalibe kwina kopita. Pamenepo tinapangana kuti tikatha kudya nsima, tisanacotse mphasa, tizikhala ndi kanthawi ka kuwerenga.

Tinayambira pansi penipeni, pa a, e, i, o, u, kenaka ma, me, mi, mo, mu, kufikira mnyamatayo atayamba kulumikiza yekha kuti ma ndi la apanga "mala," ndi kuti ukasintha cilembo cimodzi upeza "mula" kapena "mali." Tinayamba ndi Cinyanja mwadala. M'cinenero cathu cimene calembedwa ndi cimene cinenedwa. Mwana akadziwa liu la cilembo ciri conse akhoza kuwerenga ngakhale mau amene sanawaonepo. M'Cingerezi cilembo cimodzi cimamveka mosiyanasiyana, ndipo mwana amalimbana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi, zilembo ndi tanthauzo. Ambiri a ife makolo tidziwa kuwawa kwace, pakuti kuyambira mu 1966 ana a m'Zambia anali kuphunzira m'Cingerezi kuyambira Giredi 1, ndipo tinali kuimba mau amene sitinali kuwamva. Mu 1999 Unduna wa Maphunziro unayamba nchito yobwezera kuwerenga koyamba m'zinenero zathu, ndipo mu 2014 zinenerozi zinayamba kugwiritsidwa nchito pophunzitsa kuyambira Giredi 1 kufikira Giredi 4. Malamulo a kusukulu amasintha ndi nthawi, koma panyumba palibe wotiletsa kutsegulira mwana khomo la kuwerenga m'cinenero cimene anayamwira.

Ndisakunamizeni kuti zinayenda bwino kuyambira paciyambi. Ine, amene ndimaleza mtima ndi ana a eni tsiku lonse, ndinali kupsa mtima ndi wanga pa mphindi zisanu. Akaphonya liu limene tinaphunzira dzulo lace, mau anga anali kukwera, iye nayamba kulira, ndipo zilembo zonse zinali kumthawa. Tsiku lina atate ace anati, "Amai, pumulani, mundipatse ine." Iwo analibe njira ya m'buku. Anali kutenga thumba la feteleza, paketi ya mbeu, kapena cikwangwani ca pamseu akamapita naye kumsika, ndi kumfunsa ngati munthu wofunadi kuthandizidwa, "Mwana wanga, maso anga atopa, palembedwa ciani apa?" Mnyamatayo anayamba kuona kuti kuwerenga si mayeso ai, koma nchito imene munthu acitira anzace.

Mphunzitsi woposa tonse anali apongozi anga. Cimanga citapserera kumudzi, tinawaitana kuti adzakhale nafe. Iwo sanapondepo m'kalasi, ndipo dzina lao amasaina ndi cala. Koma nthano ali nazo zosatha. Madzulo ena ndinapatsa mnyamatayo kope ndi pensulo kuti alembe nthano imene ambuya ace anali kusimba. Analemba mizere inai yokha, yokhotakhota. M'mawa mwace ambuyawo anati, "Tandiuza zimene wanditsekera m'pepalamo." Iye anayamba kuwerenga, ndipo pofika pamene panambvuta anaikapo mau a m'mutu mwace monga mwa cizolowezi cace. Ambuya anamdula, "Iai, mdzukulu wanga, ine sindinatero. Yang'ananso." Anayang'ananso, nagwira liu lija cilembo ndi cilembo kufikira litatuluka. Ambuya anaomba m'manja, nati, "Eya, amenewo ndiwo mau anga." Zimene ine ndinalephera kumphunzitsa ndi satifiketi yanga, anaziphunzira kwa munthu wosadziwa kulemba: kuti pepala limasunga mau a munthu monga momwe anawanenera, ndi kuti wowerenga ayenera kuwalemekeza.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Panapita miyezi yambiri, ndipo panali masabata ena amene tinabwerera m'mbuyo. Koma pofika Khirisimasi ya caka cimeneco anali kuwerenga yekha tsamba limene sanalionepo. Sali woyamba m'kalasi mwace, ndipo Cingerezi cikali kumbvuta, koma tsopano akakumana ndi liu lacilendo amalimbana nalo m'malo mwa kulithawa.

Kunchito nako ndinasintha. Ndinapita kwa aphunzitsi aakulu ndi kuwapempha kuti andilole kutsegula makabati ndi kubwereketsa mabuku kupita nao kunyumba, ngakhale kwa ana a makalasi ang'onoang'ono. Anandicenjeza kuti ena adzasowa, ndipo sananame. Pa kuwerengera kwa caka cotsatira ena sanapezeke, ndipo ndinayenera kulemba cifukwa cace. Ena anabwera ali ndi madontho a ndiwo, ena akununkha utsi. Kale zikanandipweteka mtima. Lero ndikamva utsi pa buku ndimadziwa kuti linafika pamene banja limakhala. Ndimaphunzitsa ana kulikuta ndi pepala ndi kusamba m'manja asanaligwire, ndipo guluu ndiri naye.

Bvuto lotsala ndi kucepa kwa mabuku a Cinyanja. Ambiri amene timalandira ngati mphatso ndi a Cingerezi, ndipo amasimba za cipale cozizira ndi zakudya zimene mwana wa kuno sanazionepo. Tsono ndinatengera nzeru ya apongozi anga kusukulu. Ana amapita kwa ambuya ao, nalemba nthano imodzi, aphunzitsi nakonza zolakwa, ine ndi kusoka masambawo ndi ulusi. Timabuku timeneti ndatipatsa malo pa 398, nambala imene Dewey anaikira nthano za makolo, ndipo ndito timene timabwerekedwa koposa.

Tsono makolo anzanga, ndikupemphani zinthu zocepa. Musakhutire ndi lipoti la kusukulu kapena ndi kumva mwana akuimba buku lace. Sabata lino mpatseni tsamba limene sanalionepo, lopanda cithunzi, ndipo mukhale naye pafupi. Mukapeza zimene ndinapeza ine, musamkwapule ndiponso musamcititse manyazi pamaso pa abale ace, pakuti iye wakhala akusenza mantha amenewa yekha kwa nthawi yaitali. Mukaona kuti amayandikiza pepala kumaso kapena samva bwino, pitani naye kucipatala akamuone maso ndi makutu. Kambiranani ndi aphunzitsi ace monga anzanu pa nchito imodzi. Funsani ngati sukulu ibwereketsa mabuku, ndipo ngati muli pafupi ndi laibulale ya Boma, monga ya kuno ku Chipata imene iri pansi pa Zambia Library Service, bungwe limene linayamba mu 1962, mpiteni naye akaione. Ngati inu simudziwa kuwerenga, musadziyese opanda gawo. Simbani nthano, iye alembe, akuwerengereni. Ndipo ngati mudziwa, akuoneni mukuwerenga, ngakhale kwa mphindi khumi.

Buku la nthano lija tinalimaliza kumata patapita caka, ndipo masamba otsiriza anasanja ndi mnyamatayo. Linabwerera pashelufu, koma silikhalitsapo. Pamene ndikulemba zino liri kunyumba kwa mtsikana wina wa Giredi 3, ndipo lacedwa ndi masiku anai. Sindinatume munthu kukalitenga.

Tidzacezanso mwezi wamawa.