UTUCHI USATENTHEDWENSO, TIYALE M'DIMBA

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani imene yatigaŵa paŵiri chiyambire teremu ino: kodi kanjira ka m'dimba mwathu tikakonze ndi njerwa kapena ndi utuchi? Ine ndili kumbali ya utuchi.

Tonse tikudziŵa za mu Januwale. Belu la Korona likalira tili ku ntchito ya manja, timathamangira m'tchalitchi matope ali thope kumapazi, ndipo olira ndife a Fomu 2 amene timakolopa. Chonsecho kuseri kwa shedi ya akalipentala utuchi uli mulu, ukungotenthedwa, utsi wake nkumatitsokomoletsa pa sitade.

Anzanga okonda njerwa akuti kanjira kawo kadzakhala kokongola ndi kokhalitsa. Sindikutsutsa. Koma uvuni umodzi wa njerwa umadya mitengo ingati? Malemu Papa Francis, m'kalata yawo ya Laudato Si' ya 2015, adadandaula ndi khalidwe lotaya zinthu zimene zikadagwiranso ntchito. Tidaiphunzira, tidalemba mayeso, koma machesi sitidawasiye.

Ntchito yake njosavuta. Timalambula kanjirako, nkuyala makatoni akale a ku sitolo kuti udzu usamere, kenaka nkuthira utuchi wochindikala ngati masentimita 10, nkuuwaza madzi ndi kuupondaponda. M'mbali tiike miyala kuti mvula isaukokolole. Utuchi wa matabwa opaka mankhwala tiupewe, poti pafupi pali ndiwo zathu.

Chenjezo lina ndidaliphunzira movutikira. Pa holide ndidasakaniza utuchi wauŵisi m'bedi la repu la amayi, ndimayesa ndi manyowa. Masamba onse adachita chikasu, ndipo amayi sadandiseke pang'ono! Tizilombo toola utuchi timayamba talanda nayitrojeni wa m'nthaka. Pa kanjira zimenezi zilibe kanthu, poti sitidzalapo mbewu. Ukaola bwino, patapita chaka kapena ziŵiri, tidzaukokera pa khuti la kompositi nkuyala wina.

Nanga chiswe? Apa pokha ndikuvomera kuti mantha alipo. Chiswe chidzabwera ndithu, nchifukwa chake kanjiraka kathere patali ndi nyumba zogona ndi laibulale.

Bambo Rekita, sitikupempha ndalama ayi. Mutilole tiyese kaye kuyambira pa nazale kukafika pa thanki ya madzi, mvula ikatha mudzaweruze nokha. Wilibala ndidzayamba kukankha ndine Loŵeruka likudzali.